Kodi “sweep” ndi kusesa basi?

Funso la wowerenga

“Zikomo aphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito pa wayilesi ina ya m'dera, ndipo gawo langa ndi kumasulira nkhani za Chingerezi kuti ziwerengedwe m'Chichewa. Pali mawu amodzi amene andisowetsa mtendere, mawu akuti ‘sweep’. Kusukulu tinaphunzira kuti ndi kusesa, basi. Koma sabata yatha ndinakumana ndi chiganizo chakuti ‘The minister swept into the hall’, ine n'kulemba kuti nduna inasesa m'holo. Mwayi wake mkonzi anaona nkhaniyo isanaulutsidwe, koma manyazi sanandichokebe. Kwina ndaona ‘swept to power’, kwina ‘sweeping powers’, kwina ‘swept away’. Mawu amodzi angakhale bwanji ndi matanthauzo onsewa? Ndiwaloweze onse pamtima, kapena pali njira ina?”

Mayi wa m'chigawo chapakati

Yankho

Mayi, mtima ukhale m'malo. Cholakwa ngati chimenechi amachita ngakhale anthu amene Chingerezi chawo n'chakupsa, chifukwa gwero lake si umbuli ayi, koma mmene ambiri amawaphunzirira mawuwa. Mwana amamva “sweep” koyamba ali ndi tsache m'manja, aphunzitsi akulamula kuti “sweep the classroom”, ndiye tanthauzo la tsachelo limakhazikika m'mutu mpaka kukula. Chonsecho m'nyuzipepala “sweep” wa tsache amapezeka mwa apo ndi apo. Amene mudzakumane naye tsiku ndi tsiku pa ntchito yanuyo ndi wa madzi osefukira, wa chisankho, wa apolisi ndi wa masewero.

Zoloweza matanthauzo onse pamtima sindingakulangizeni. Mukatsegula mtanthauziramawu wamkulu mupeza mndandanda wautali ndithu, ndipo mawa lake mudzakumana ndi chiganizo chosagwirizana kwenikweni ndi zimene munalowezazo. Chothandiza ndi kugwira pamene matanthauzo onsewo achokera. Taonani chimene dzanja limachita posesa pabwalo m'mawa: limayenda ulendo umodzi wautali, mosadukiza, mokhota pang'ono, ndipo zonse zimene zili m'njira yake, masamba, fumbi, zitsononkho za chimanga, zimapita nawo. Mngerezi akatenga mneniyu n'kupita naye kwina, tsache amalisiya n'kutenga kayendedweko: kuyenda kosaima, mphamvu yosaletseka, kukuta dera lalikulu nthawi imodzi, kapena kutenga zonse osasiyako kanthu. Pafupifupi chiganizo chilichonse chokhala ndi “sweep” chimakhala ndi chimodzi kapena ziwiri mwa zimenezi, ndipo ntchito ya womasulira ndi kupeza kuti ndi chiti.

Kuti muchipeze, yang'anani malo atatu m'chiganizomo. Yambani ndi mwininkhani: wochitayo ndi munthu, madzi, moto, chipani kapena msewu? Kenako onani ngati mneniyo watsatidwa ndi pamtherankhani pompopompo, kapena pali kamawu kena pakati. Pomaliza kayang'anitsitseni kamawu komweko, kaya ndi “into”, “away”, “through”, “aside” kapena “up”, chifukwa m'Chingerezi timawu timeneti timasenza gawo lalikulu la tanthauzo.

Tiyese ndi nduna yanu ija. Chiganizo chikanakhala “The minister swept the hall”, kumasulira kwanu kukanakhala kolondola, nduna itagwiradi tsache. Koma chanucho chinali ndi “into” pakati, choncho holoyo sinali chinthu chosesedwa, inali malo olowamo. Munthu akachita “sweep into a room” ndiye kuti walowa mofulumira, modzidalira, osaima pakhomo, moti aliyense watembenuka kumuyang'ana. Kawirikawiri amanenera anthu audindo kapena ovala zovala zazitali zokhwekhwereza pansi. Mukanalemba kuti “nduna inalowa m'holomo mwaulemerero”, kapenanso “nduna inalowa m'holomo” basi ngati nthawi ya nkhani yachepa, palibe chachikulu chikanatayika. “She swept out of the meeting” nthawi zambiri imakhala ndi mkwiyo mkati: anatuluka pamsonkhano mopsa mtima, osacheuka. “He swept past the reporters” ndi kuwadutsa atolankhani osaima n'komwe kuti awayankhe. “The motorcade swept past” ndi mdipiti wa galimoto kudutsa mwaliwiro. Chenjeraninso ndi kamawu ka “of”, kamene diso limakadumpha mosavuta munthu akamafulumira. “She swept out the room” ndi kusesa chipinda chonse bwinobwino, pamene “she swept out of the room” ndi kutuluka m'chipindamo.

Kapangidwe ka mneniyu n'kachidule. Nthawi yakale ndi “swept”, ndipo ndi yemweyonso mukamanena kuti “has swept”, “had swept” kapena “was swept”. Kulibe “sweeped”, kulibenso “swepted”. Ali m'gulu limodzi ndi “keep, kept”, “sleep, slept”, “weep, wept” ndi “creep, crept”, momwe liwu lalitali la pakati limafupika kukhala “e” kenako “t” kumapeto. Potchula musawonjezere liwu kumapeto monga timachitira ndi mawu obwereka; “swept” ndi phatikizo limodzi, si “swepiti”. Musamusokonezenso ndi “swipe”, kumene ndi kukhwekhweretsa khadi pamakina olipirira kapena chala pafoni, “wipe”, kumene ndi kupukuta ndi kansalu, ndi “mop”, kumene ndi kukolopa. Pansi pa simenti mumayamba “sweep” kenako “mop”, koma mawindo ndi “wipe”.

Pa kusesa kwenikweni, Chingerezi ndi Chichewa zimayenda limodzi. Pamtherankhani akhoza kukhala malo, “sweep the yard”, kapena zinyalalazo, “sweep the leaves into a heap”, monga ifenso timati kusesa pabwalo komanso kusesa masamba. “Sweep up” ndi kusesa mpaka kuwola: “sweep up the broken glass”. Kusiyana kumayamba pamene mkono walowa m'malo mwa tsache. “He swept the papers off the desk” ndi kukankhira mapepala onse pansi ndi mkono kamodzi n'kamodzi. “She swept the child up in her arms” ndi kunyamula mwana msangamsanga n'kumufungatira. “Her hair was swept back” ndi tsitsi lopesedwera kumbuyo.

Tsopano pa madzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse koposa, chifukwa ndi nkhani za miyoyo ya anthu. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, nkhani za Chingerezi zinadzaza ndi “swept away”. Mawu athu ake alipo kale ndipo amakwana bwino: kukokoloka ndi kukokolola. “The bridge was swept away” ndi “mlatho wakokoloka”. “Floods swept away crops and livestock” ndi “madzi osefukira akokolola mbewu ndi ziweto”. Onani kuti Chingerezi chimakonda msintho wochitidwa pamenepa, “was swept”, “were swept”, pamene Chichewa chimamveka bwino mukati “wakokoloka” kusiyana ndi “wakokololedwa”.

Choopsa chili apa: “Five people were swept away” sikutanthauza kuti anthu asanu afa. Kukutanthauza kuti madzi awatenga. Ena amapezeka amoyo atakakamira pamtengo kumunsi kwa mtsinje, ena amasowa kwa masiku. Ngati nkhaniyo sinanene “died”, “drowned” kapena “bodies were recovered”, inu lembani kuti “anthu asanu akokoloka ndi madzi” n'kulekera pomwepo. Mukaonanso “feared dead”, nenani kuti “akuwaganizira kuti amwalira”. Achibale awo amakhala akumvera wayilesi yomweyo, ndipo kulengeza maliro a munthu amene akufunidwabe ndi bala lovuta kupola. “Washed away” ndi mnzake wapafupi wa “swept away”, ndipo onse awiri ndi kukokoloka, kungoti “swept” amaonetsa liwiro ndi mphamvu kwambiri. “Swept downstream” ndi kutengedwa ndi madzi kumka kumunsi. “Swept overboard” mudzaiona m'nkhani za asodzi nyengo ya mwera: mafunde amukankha munthu kuchoka m'boti kugwera m'nyanja.

Mwininkhani akakhala moto, mliri, mphepo kapena mphekesera, kamawu kotsatira kamakhala “through” kapena “across”. “Fire swept through the market” ndi moto kuyaka mofulumira kuchoka mbali ina ya msika kufika mbali ina. “Cholera swept through the district” ndi kolera kufalikira mofulumira m'boma lonse. Mawuwa amanena za liwiro ndi kukula kwa dera lokhudzidwa, osati kuti zonse zatheratu. Musalembe kuti “msika wonse wasanduka phulusa” pokhapokha ngati nkhani yanena “razed”, “gutted” kapena “completely destroyed”. Nthawi zina kamawu ka pakati kaja sikakhalapo: “A new dance is sweeping the country”. Apa mneni watsatidwa ndi pamtherankhani pompopompo, komabe si tsache, chifukwa gule sagwira tsache. N'chifukwa chake ndati muziyamba ndi mwininkhani. Tanthauzo lake ndi lakuti gule watsopano wafala dziko lonse. Zikakhala za mumtima amati “swept over”: “Fear swept over her” ndi “mantha anamugwira mwadzidzidzi”.

Za chisankho zili ndi muyeso wake. “Swept to power” ndi “swept to victory” amanenera kupambana kwakukulu, kosasiya chikayiko. Chitsanzo chabwino ndi cha ku Zambia mu 1991, pamene Frederick Chiluba anagonjetsa Kenneth Kaunda ndipo chipani cha Chiluba cha MMD chinatenga mipando 125 mwa mipando 150 ya aphungu osankhidwa. Pamenepo Mngerezi amati MMD “swept to power”, ndipo chipani cha Kaunda cha UNIP “was swept from power”. Koma mu 2015 ku Zambia komweko Edgar Lungu anapambana Hakainde Hichilema ndi kusiyana kwa mavoti osakwana 30,000, ndipo kumeneko sikungatchedwe “sweep”. Choncho pomasulira musangoti “anapambana”, chifukwa mwataya kukula kwa chipambanocho. Nenani kuti “anapambana ndi mavoti ankhaninkhani” kapena “chipanicho chinakokolola mipando yambiri”. Pamene pali “clean sweep” ndiye kuti zonse zatengedwa, palibe chatsala ngakhale chimodzi. Mipando 125 mwa 150 ndi chipambano chachikulu koma si “clean sweep”. Chipani chikatenga mipando yonse ya m'boma lina, ndiye “clean sweep”, ndipo apa Chichewa chimalola kunena kuti “chasesa mipando yonse”. Mawu omwewa ali ndi nkhope ina kuntchito. “The new manager made a clean sweep of the department” ndi kuchotsa anthu onse akale kuti ayambe ndi atsopano. Mtsogoleri watsopano wobwera ndi kusintha kotere amamutcha “a new broom”, kuchokera pa mwambi wawo wakuti “a new broom sweeps clean”.

Kumasewero nako kuli tanthauzo lomwelo la kutenga zonse. Pa Olympics ya ku Barcelona mu 1992 ndi ya ku Athens mu 2004, amuna a ku Kenya anatenga mendulo zonse zitatu pa mpikisano wothamanga mamita 3,000 modumpha zotchinga ndi dziwe la madzi. Kumeneko amati “Kenya swept the medals” kapena “a podium sweep”. Ku America mawuwa ali ndi tanthauzo lenileni lowerengeka: matimu awiri akamakumana kangapo kuti apeze katswiri, timu yopambana masewero onse osagonjako ndi imene yachita “sweep”. Mu 2007 San Antonio Spurs inagonjetsa Cleveland Cavaliers 4–0 pa ndime yomaliza ya basketball ya NBA, ndipo anati “the Spurs swept the Cavaliers”. “Sweep the board” ndi kutenga mphoto zonse pa mpikisano uliwonse, ngakhale wa kwaya. Pa mpira wamiyendo mudzamva kuti “he swept the ball home”, kutanthauza kugoletsa pomenya mpira kamodzi ukuyenda, osauimitsa kaye. “Sweeper” ndi wotchinga kumbuyo amene amaima kuseri kwa anzake n'kumachotsa mipira yowapulumuka, udindo umene Franz Beckenbauer wa ku Germany anatchuka nawo. “Swept aside their opponents” ndi kuwagonjetsa anzawo mosavuta. Kunja kwa bwalo la masewero “sweep aside” ndi kunyalanyaza: “He swept aside the complaints” ndi “madandaulowo sanawalabadire n'komwe”.

Apolisi ndi asilikali akakhala mwininkhani, tanthauzo ndi kufufuza dera lonse osasiya malo. “Police swept the area” ndi “apolisi anafufuza paliponse m'deralo”. “They swept the room for listening devices” ndi kufufuza m'chipinda ngati mwabisidwa tizipangizo tomvera zolankhula za anthu. Kamawu ka “for” ndi kamene kakukuuzani chimene akufunafuna. M'nyuzipepala za kuno mudzaona kwambiri “sweeping exercise”, chimene pakamwa pa anthu ndi chipikisheni, pamene apolisi amazinga dera n'kugwira onse owaganizira. Nyuzipepala za kunja zimakonda “police sweep”, “raid” kapena “crackdown”. Samalani chifukwa “sweeping exercise” yomweyo akhoza kunenera ntchito yosesa mumzinda imene khonsolo yakonza. Werengani ziganizo zotsatira: mukaona “arrested” ndi “suspects” ndi chipikisheni, mukaona “litter” ndi “drains” ndi matsache enieni. Maso ndi kuwala nazo zimachita “sweep”. “Her eyes swept the crowd” ndi kuyendetsa maso pa gulu lonse, ndipo “the torch beam swept the garden” ndi kuunika ndi tochi kuchoka mbali ina ya dimba kufika mbali ina.

Munafunsanso za “sweeping powers”. Apa mneni wasanduka mfotokozi, ndipo watenga tanthauzo la kukuta malo aakulu. “Sweeping powers” ndi mphamvu zochuluka zokhudza mbali zambiri, zimene kawirikawiri zilibe malire okwanira. “Sweeping changes” kapena “sweeping reforms” ndi kusintha kwakukulu kokhudza pafupifupi chilichonse. “Sweeping cuts” ndi kudula ndalama m'nthambi zambiri nthawi imodzi. Koma “sweeping statement” ndi “sweeping generalisation” ndi mawu odzudzula. Amanenera kulankhula kophatikiza anthu kapena zinthu zonse pamodzi popanda umboni, monga kunena kuti achinyamata onse ndi aulesi. Mphunzitsi akalemba mawu amenewa m'mphepete mwa chimangirizo cha mwana, sakumuyamikira, akumuuza kuti apereke umboni kapena achepetse mawu ake. Wandale akanena kuti mnzake wapanga “sweeping statement”, masulirani kuti “wamudzudzula kuti walankhula mophatikiza zonse popanda umboni”, osati kuti walankhula mawu amphamvu.

Pa zining'a, chofunika kwambiri kwa mtolankhani ndi “sweep under the carpet”, chimene ku America amati “sweep under the rug”. Ndi kubisa nkhani yochititsa manyazi kuti iiwalike, zimene ife timati kukwirira nkhani kapena kuikhalira. Kumbukirani kuti chining'a chimenechi ndi choneneza. Chikapezeka m'nkhani, onetsetsani kuti m'Chichewa chanu mukuoneka bwino kuti wanena ndani: “bungwelo lati akuluakulu akufuna kukwirira nkhaniyi”, osati kuilemba ngati kuti wayilesi yanu ndiyo yatsimikiza. “He swept her off her feet” ndi kumutenga mtima mkazi mwadzidzidzi m'chikondi, ngakhale kuti mwininkhani akakhala madzi, “the current swept him off his feet”, ndi kugwetsedwa kwenikweni ndi mphamvu ya madzi. “Swept along” ndi “swept up in” zimagwirizana bwino ndi mneni wathu wa kutengeka: “They were swept up in the excitement” ndi “anatengeka ndi chisangalalo”. Koma “he was swept up in the arrests” ndi kugwidwa nawo limodzi, ndipo nthawi zambiri wolembayo akusonyeza kuti munthuyo anangokodwamo, mwina alibe mlandu. Mukalemba kuti “anagwidwa” basi, kachikayiko kameneka mwakachotsa. “Anagwidwa nawo limodzi” ndiye kolondola.

Zinthu zosayenda nazo zimachita “sweep” m'zolemba zofotokoza malo. “The road sweeps round the bay” ndi msewu wokhota pang'onopang'ono ulendo wautali. Msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti sungayenere mneniyu, chifukwa makona ake ndi afupiafupi ndi okhota kwambiri. Umenewo amati “winds”. “The hills sweep down to the lake” ndi mapiri otsetsereka mpaka kunyanja. “A sweeping view” ndi monga zimene mumaona mukaima pamwamba pa phiri la Zomba, nyanja ya Chilwa uko, phiri la Mulanje uko, zonse m'maso nthawi imodzi.

Pali matanthauzo ena a ntchito zapadera amene mungowadziwa kuti alipo. Amayi oyembekezera amene ali ku Britain amamva mzamba akunena za “a sweep” kapena “membrane sweep” masiku akayandikira kapena akapitirira. Mzamba amazungulitsa chala pakhomo la chiberekero kuti alekanitse khomolo ndi nembanemba za thumba la madzi, pofuna kuthandiza kuti kubereka kuyambe pakokha. Mayi ali ndi ufulu wofunsa ubwino ndi zovuta zake, kuvomera kapena kukana. Kubanki “sweep” ndi dongosolo losamutsa lokha ndalama zopitirira mlingo wina kuchoka ku akaunti ina kupita ku inzake. “Chimney sweep” ndi munthu wochotsa mwaye m'chumuni, ndipo “sweepstake” ndi mtundu wa mpikisano wa mwayi.

Vuto lomweli limabweranso mukamachoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi, ndipo apa pali kusiyana kumene ambiri sakuona. Kusesa kwathu tikakugwiritsa ntchito mophiphiritsa kumatsindika kutha kwa zinthu, pamene “sweep” amatsindika kwambiri kayendedwe. Tikati “chitopa chasesa nkhuku m'mudzi muno” tikunena kuti nkhuku zatha, ndipo Chingerezi chake ndi “wiped out the chickens”. Mukalemba “swept through the village” mwangonena kuti matenda anafalikira, nkhuku zina mwina zilipobe. Tikati “akuba asesa m'sitolo monse”, Mngerezi amati “the thieves cleaned out the shop”. Mukalemba “swept the shop” adzamva kuti akubawo anagwira tsache. Ana akasesa nsima yonse ndi “finished off” kapena “polished off”. Ndipo kusesa kwa pamaliro, kumene m'madera ambiri achibale amasonkhana maliro ataikidwa kuti akonze pakhomo ndi kukambirana za banja lotsala, kulibe mawu amodzi a Chingerezi. Mukauza bwana wachilendo kuti “I am going to sweep”, sadzamva chifukwa chimene mukupemphera tchuthi. Fotokozani mwambowo: “the family gathering held after the burial”.

Mukakhala pa desiki nthawi ikuthamanga, chitani izi. Phimbani “swept” ndi chala, werengani chiganizo chonse popanda iye, n'kudzifunsa kuti chachitika n'chiyani. Kenako chinenereni mokweza m'Chichewa monga mungamuuzire mnzanu amene sanamve nkhaniyo. Kawirikawiri mneni woyenera amabwera yekha: kukokoloka, kufalikira, kulowa, kufufuza, kupambana, kutengeka. Mukatero bwererani ku Chingerezi muone ngati mwasiya liwiro, kukula kapena mphamvu imene wolemba amafuna, n'kuwonjezera muonjezi mmodzi ngati “mofulumira” kapena “mosavuta”. Mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chichewa ndi wabwino poyambira, koma pa mawu otere gwiritsani ntchito wa ophunzira wa Chingerezi chokhachokha, monga wa Oxford, Cambridge kapena Longman, amene alinso pa intaneti. Musafufuze “sweep” yekha ayi, fufuzani pamodzi ndi kamawu kake, “sweep aside”, “sweep through”, ndipo muziwerenga zitsanzo kuposa tanthauzo. Khalaninso ndi kope lolembamo chiganizo chathunthu chimene mwakumana nacho pamodzi ndi Chichewa chimene munasankha. Mawu olembedwa paokha popanda chiganizo sathandiza, chifukwa mwininkhani ndi kamawu kaja ndi zimene zimasowa.

Pali nkhani zimene simuyenera kudalira nzeru zanu zokha ngakhale mutazolowera chotani: za imfa ndi anthu osowa, zoneneza munthu kapena bungwe, za malamulo, ndi za chipatala. Pa zimenezi funsani mkonzi, ndipo ngati n'kotheka imbirani mtolankhani amene analemba nkhaniyo kuti akuuzeni chimene chinachitika kwenikweni. “Sweeping powers” ikakhala m'nkhani ya bilu yopita ku Nyumba ya Malamulo, pezani wodziwa malamulo akuuzeni kuti mphamvuzo ndi ziti, kuti omvera amve zenizeni m'malo mwa mawu akuti “mphamvu zambiri” okha. Mawu a chipatala funsani namwino kapena dokotala. Ngati mwapatsidwa chikalata chachikulu choti chisindikizidwe, monga cha boma kapena cha bungwe, ndi bwino kuti womasulira wina wodziwa ntchito achiwerenge musanachipereke. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies ya University of Malawi imene ntchito yake ndi ya ziyankhulo za dziko lino. Zikavuta kuti nthawi youlutsa yakwana ndipo simunapeze womufunsa, sankhani kumasulira kumene sikukuwonjezera kanthu pa zimene zalembedwa: “akokoloka” m'malo mwa “afa”, “moto wawononga mbali ya msika” kapena “moto wabuka pamsika” m'malo mwa “msika watheratu”, ndipo zina mudzawonjezera m'nkhani za ola lotsatira mukatsimikiza.